Kalata ya Mizere Itatu

8 Januwale

Wokondedwa Kalaliki,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwandilowa m'mawondo ndipo ntchito yachuluka. Anthu akadya zotsekemera pa tchuthi, onse amakumbukira dokotala wa mano tsiku limodzi.

Lipoti la msonkhano wanu wa mu Novembala amayi ako anditumizira, ndipo ndaliwerenga kawiri. Ndisakubisire, pamene a bodi ankati bungwe lathu likhale ndi gulu la achinyamata otilangiza, ine ndinkakayika. Ndinkati ana asanu ndi atatu, ena ndevu sizinamere, atiuza chiyani ife amene tayendetsa ntchito yolipirira ana sukulu kwa zaka khumi ndi zisanu? Koma mwandichititsa manyazi. Tsamba limodzi, mawu aulemu, mfundo zomveka: mwayamikira dongosolo lathu la makalata, ndipo mwapempha mapepala abwino oti ana azilembapo. Dzina lija ndinakupatsa uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ukulemba mndandanda wa anthu amene sanatsuke mbale, silinapite pachabe.

Ambiri samvetsa kuti makalata amenewa ndiwo mtima wa bungwe. Mwana amalemba za moyo wake, ife timayala makalatawo pathebulo pa chakudya chathu cha pachaka, munthu wakufuna kwabwino amawerenga, amasankha mwana amene wamukhudza, n'kumulipirira. Palibe fomu, palibe kompyuta. Iwe ukuidziwa kalata ili mu felemu pabalaza panga, ya mtsikana wamasiye uja amene nsapato yake inang'ambika tsiku la mayeso, iye n'kuimanga ndi waya wa m'wailesi ya malemu bambo ake. Chaka chilichonse ndimaiwerenga pamaso pa alendo, ndipo chaka chilichonse ndimalephera kuimaliza. Mwana ameneyo anayenda njira imene ndinayenda ine.

Ndatumiza bokosi la mapepala, zolembera ndi matisheti a gulu lanu. Muvale, mujambulitse pakhomo pa ofesi, munditumizire chithunzi. Undiuzenso za ku koleji. Uyankhe ndi kalata monga mwa lamulo langa: nkhani ya bungwe siyenda pa foni.

Ine amalume ako.

16 Januwale

Amalume,

Moni. Ife kuno tili bwino, ndipo ndikukhulupirira mawondo ayamba kumva mankhwala. Bokosi lafika. Matisheti ndi aakulu kwambiri, koma imeneyo si nkhani.

Nkhani ndi yoti lipoti mwawerenga kawirilo si lathu. Lathu linali la masamba asanu ndi limodzi. Ndinalilemba ndine monga mlembi wa gululi, n'kulipereka m'manja mwa amayi mu ofesi pa 20 Novembala. Mmene linachepera panjira mpaka kusanduka pempho la mapepala, afunseni alongo anu. Ine ndawafunsa, andiyankha kuti ndisawalankhule ngati wapolisi.

Zimene tinachita ndi izi. Tinatsegula kabati yachitsulo ya mu ofesi, ija diroo yake yapansi imatseguka ndi phazi, n'kutulutsa makalata onse a zaka zisanu zapitazi. Alipo 212. Loweruka lililonse kwa milungu isanu ndi umodzi tinkakhala pa mipando ya pulasitiki, wina akuwerenga mokweza, wina akulemba. M'makalata 96 bambo anamwalira. Titafunsa m'masukulu tinapeza kuti ana opanda bambo ndi 31. Bambo wina anamwalira katatu: chaka choyamba pa ngozi ya basi, chachiwiri ndi chifuwa, chachitatu "atadwala nthawi yaitali". Mwana wake ndi wapampando wa gulu lathu, ndipo malemuwo ndi amene amamubweretsa ku misonkhano pa njinga yamoto.

Kenako tinayang'ana amene anasankhidwa. Pa makalata khumi alionse otchula maliro kapena matenda, asanu ndi anayi anapeza owathandiza. Pa khumi osatchula, atatu okha. Kukhoza kwa mwana m'kalasi sikunasinthe kanthu. Ana si opusa, Amalume, amaona chimene chikuyenda malonda. Ndi osauka ndithu, koma umphawi wawo ndi wa tsiku ndi tsiku, sulizitsa munthu amene wangomaliza kudya.

Tinalangiza kuti ana azisankhidwa poyang'ana umboni wa kusukulu ndi kuyendera pakhomo, ndipo kalata azilemba wofuna, osaiyala pathebulo. Tinalangizanso, ndipo ichi n'chofulumira, kuti mwana wa atelala abwezeretsedwe pa mndandanda wa olipiriridwa.

Mtsikanayu ali m'chaka chomaliza cha sekondale. Chaka chatha wina mu ofesi anawonjezera chiganizo m'kalata yake chonena kuti bambo ake akuchita khungu. Kalatayo inaikidwa pa tsamba la bungwe la pa intaneti pamodzi ndi chithunzi cha shopu. Sukulu ina imene inkasoketsa mayunifomu kwa atelalawo inawerenga, n'kukapereka ntchitoyo kwina. Anzake m'kalasi ankatseka maso n'kumapapasa khoma iye akamadutsa. Choncho ulendo uno analemba izi, ndakopera zonse:

"Fizi ndinalandira. Mayeso ndakhoza, ndili nambala 2 m'kalasi. Zikomo kwambiri."

Amene ankamulipirira anasankha mwana wina, ndipo palibe amene anatola kalata yake. Sukulu itseka kulembetsa mayeso omaliza Lachisanu pa 27 Febuluwale. Popanda kalata ya bungwe yolonjeza fizi, dzina lake sililowa, ndipo zaka zitatu mwamuphunzitsazo zithera pa makina osokera.

Ndaikamo lipoti lenileni. Chithunzi tidzajambulitsa mukatiyankha.

Ine mwana wanu,
Kalaliki.

24 Januwale

Achemwali,

Moni kwa nonse. Za thanzi langa tidzakamba tsiku lina.

Ndalandira mtolo wa masamba asanu ndi limodzi kuchokera kwa mwana wanu. Ndikufuna kudziwa amene anapereka makiyi a kabati kwa ana. Makalata amenewo ndi zinsinsi za anthu. Ndikufunanso kudziwa chifukwa chake inu, amene ndinakusiyirani ofesi chifukwa ndinu magazi anga, munanditumizira pepala lonyenga, ine n'kufika polemba kalata yoyamikira ngati chitsiru, ndi matisheti pamwamba.

Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuzula mano, ndikaweruka n'kumagogoda pamakomo a anthu. Lero ana amene ndawaphunzitsa ndekha andiwerengera maliro ngati ndine wogulitsa mabokosi. Gululi tinalikhazikitsa kuti lizitiuza zofuna za achinyamata: masewero, mabuku, zoterozo. Sitinati lizitizenga mlandu. Manambala awo sindikuwatsutsa, sindinawafufuze. Koma ana ochepa akanama, wolakwa ndi wonamayo, osati kalata.

Za mwana wa atelala, mizere itatu si kalata, ndi lisiti. Munthu amene akukulipirira sukulu sumamulembera ngati wakugulitsa mafuta a nyale. Pitani mukalankhule naye alembe yooneka.

Mundiyankhe msanga, ndipo ulendo uno musandifupikitsire.

Mchimwene wanu.

31 Januwale

Achimwene,

Tadzuka bwino, kaya inu kumeneko. Denga la ofesi layambanso kudontha pakona ya kabati, a sitolo yazitsulo apansi akuti si lawo. Ndaika chidebe.

Makiyi ndinapereka ndine. Munalemba nokha m'malamulo a gululi kuti liziona "chilichonse chokhudza ntchito ya bungwe". Kalaliki wanuyo anandiwerengera ndimeyo ataika chala pansi pake. Za zinsinsi tisakambe, makalata omwewo mumawayala pakati pa mafoloko.

Lipoti ndinafupikitsa ndine. Ndinadziwa kuti mukawerenga mukwiya, mukakwiya muthetsa gululo, ndipo ine ndikhala ndi mchimwene wosandilankhula kunja ndi mwana wosandilankhula m'nyumba. Zachitikabe. Chiyambire kufika kwa bokosi lanu amandipatsa moni ngati wa lendi.

Kwa atelala ndinapita Lachiwiri, kalata yanu isanafike n'komwe. Shopu yawo ndi kakhonde kopapatiza pakati pa wodula makiyi ndi wokonza mafoni, makina awiri, nsalu zolendewera pa chingwe. Mtsikanayo anali akusita makolala. Ndinati, "Mwanawe, tsamba limodzi lokha. Sindikuti uname, ungofotokoza mmene zinthu zimavutira pakhomo."

Iye anati, "Zimavuta ngati kwa wina aliyense, amayi a ku ofesi."

Ndinati, "Wina aliyenseyo sakufuna fizi."

Anati, "Akufuna, kungoti alibe adiresi yanu."

Bambo ake nthawi yonseyi sanadzutse mutu. Kenako anatenga singano, n'kutambasula manja kuti ndione bwino, n'kulowetsa ulusi kamodzi kokha. Anati, "Mukawauze a kunjawo kuti wakhungu uja akupereka moni."

Monitu ndapereka.

Chiganizo cha maso chija ndinawonjezera ndine. Kalata yake inali youma, ndinaona kuti sipita patali. Sindinadziwe kuti mudzaikweza pa intaneti ndi chithunzi cha shopu. Ndipo si yokhayo imene ndinaikonza. Kalata ikabwera youma ndimaibweza, ndimati "kaganize bwino, kwanu kulibe vuto lina?" Ana amamva. Ndachita zimenezi zaka zonsezi ndipo ana aphunzira sukulu, ena ndi anamwino, ena ndi aphunzitsi. Inu simunafunsepo chifukwa chake makalata a ofesi yathu amatoledwa msanga chonchi. Munkangoti ana a kwathu amadziwa kulemba.

Musathetse gululo chifukwa cha ine. Koma za mtsikanayo muchitepo kanthu, masiku akutha.

Mlongo wanu.

7 Febuluwale

Kalaliki,

Ndikhulupirira maphunziro akuyenda. Ndalankhula ndi a bodi awiri ndipo ndasankha motere.

Pali mayi wina wamasiye kuno, mwamuna wake anali mnzanga pa ntchito. Wavomera kutenga mwana mmodzi ngakhale nthawi yosankha inadutsa. Wangopempha chinthu chimodzi: kalata, kuti amudziwe mwanayo. Mwana wa atelala alembe tsamba limodzi, lifike kuno pasanafike pa 20, ndipo nkhani yatha. Ngati inu alangizi mumamukonda monga mukunenera, mumuthandize kulemba m'malo momuphunzitsa mwano. Kunyada n'kwa anthu amene ali ndi satifiketi kale.

Misonkhano ya gulu lanu ndaiimitsa kufikira bodi itakumana mu Epulo. Upangiri umene umabwera ndi chitonzo sindiulandira.

Amayi ako analakwa, ndawauza. Koma usandiuze kuti makalata onse ndi malonda. Manambala akowo sadziwa kuwerenga mtima. Ine ndaima pano pabalaza, kalata ya mtsikana wa nsapato ili patsogolo panga. "Wayawo unandibaya phazi njira yonse, koma ndinati bambo anga akundiperekeza." Ndiuze kuti mawu amenewa munthu angawapeke. Ine ndikudziwa mmene waya umabayira phazi. Choonadi chimazindikirika, mwananga, ndipo chikalembedwa bwino chimatsegula zikwama za anthu. Inenso kalata ndi imene inanditengera kusukulu. Sindingataye chinthu chimene chinandipulumutsa chifukwa ana asanu ndi atatu aphunzira kuwerengera.

Amalume ako.

14 Febuluwale

Amalume,

Moni. Tili bwino. Kalata yanu ndinailandira Lachinayi.

Takumana lero. Poti mwatiletsa mu ofesi, tinakhala pa masitepe, pansi pa chikwangwani cha a sitolo yazitsulo. Mwana wa atelala tinamuitana ndipo ndinamuwerengera zonse mwalembazo. Kenako ndinachita chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi. Ndinamuuza kuti, "Iwe usalembe. Ndikulembera ine, ungosaina. Dzanja langa silinagwepo."

Anandiyang'ana n'kuti, "Ndiye mupha ndani kwathu? Musankhe bwino, amayi ndi amene amaphika."

Wapampando wathu anaseka mpaka kutsokomola, n'kuti, "Tenga anga, anazolowera." Mtsikanayo sanaseke. Anati mayi wamasiyeyo ngati akufuna kumudziwa atumiziridwe lipoti la kusukulu, lili ndi masamu 88, ndipo ngati akufuna kudziwa bambo ake atumize muyeso wa diresi. Kalata ina salemba. Tinavota, asanu ndi awiri anagwirizana naye. Mmodzi wotsutsa ndinali ine, chifukwa ndimaopa tsiku la 27 kuposa onsewo.

Tsopano za dzanja langa. Mwati ndikuuzeni ngati mawu aja munthu angawapeke. Angathe, Amalume. Ndinawapeka ine.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Mnzanga wa pa desiki kalata yake inabwezedwa kawiri ndi amayi. Bambo ake ndi omata matayala, ali moyo, dzulo lomwe ndawaona akupopa. Analibe chilichonse chowawa chonena, kungoti ana ndi asanu ndi mmodzi ndipo matayala saphulika tsiku lililonse. Anali kulira mu laibulale, ine n'kumuuza kuti bweretsa pepalalo. Ndinafuna nkhani imene ndinkadziwa kuti singalephere kwa inu, ndipo ndinali nayo. Munkatifotokozera patebulo pathu ulendo uliwonse mukabwera: tsiku la mayeso, nsapato yong'ambika, waya wa mu shopu ya agogo ya mawailesi. Ndinangosintha mnyamata kukhala mtsikana, ndipo bambo ndinawapha kuti waya ukhale ndi tanthauzo. Iye anakopera ndi dzanja lake. Mwati mwanayo anayenda njira imene munayenda inu. Ndi njira yanu yomweyo, Amalume. Zaka zisanu ndi chimodzi mwakhala mukudzilirira nokha pamaso pa alendo.

Nditatero mbiri inafalikira, ndipo ndinalemba ena 22. Ankandipatsa mabisiketi. Onse anatoledwa. Mu lipoti lathu zimenezi mulibe, ndinabisa, choncho si amayi okha m'nyumba muno amene amadziwa kufupikitsa. Lero ndauza anzanga pa masitepe paja, ndipo tsamba lachisanu ndi chiwiri ndaliika mu envulopu muno.

Mnzanga uja chaka chino amaliza za unamwino. Sindikudandaula kuti anaphunzira. Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti mpaka lero bambo ake akamva dzina la bungwe lathu amavula chipewa, osadziwa kuti pabalaza panu iwo ndi malemu.

Munatipanga alangizi kuti tikuuzeni zimene inu muli kutali simungaone. Takuuzani. Ngati mumafuna oimba m'manja mukanatumiza matisheti okha, popanda malamulo. Ine ndichotseni m'gululi, mundilembe dzina pa bodi, zonse ndivomera. Koma mwa ana onse a makalata 212 aja, mmodzi yekha amene anakana poyera kukunamizani ndi amene mwamusiya panja. Kwatsala masiku khumi ndi atatu.

Ine mwana wanu,
Kalaliki.

25 Febuluwale

Achimwene,

Moni. Ndikudziwa kuti muli moyo chifukwa a mtengatenga akuti munasainira kalata ya Kalaliki Lachisanu lapitali. Chiyambire pamenepo, zii. Kalata ino ndailemba ndi dzanja monga mufunira, koma ndiijambula n'kutumiza pa foni. Lamulo lanulo likadandaule ku bodi.

Kalaliki anandiuza zonse. Ndinakwiya naye tsiku limodzi, kenako ndinaona kuti anaphunzira kwa amayi ake. Tsopano ndikuuzeni kumene amayi akewo anaphunzira, poti inu mukuoneka kuti munaiwala.

Mumakonda kunena kuti kalata ndi imene inakutengerani kusukulu. N'zoona. Koma simunena kuti makalatawo anali awiri. Pamene mphunzitsi wopuma ntchito uja wa kunja anatumiza uthenga kusukulu kwathu kuti alipirira mwana mmodzi, tinalemba tonse, patebulo limodzi la mu shopu, titakankhira mawailesi pambali. Inu munali ndi zaka khumi ndi zisanu, ine khumi ndi zinayi. Yanga ndikuikumbukira yonse chifukwa inali yaifupi:

"Ndili ndi zaka 14. Masamu ndimakhoza kuposa achimwene anga. Bambo athu amakonza mawailesi koma sangalipirire tonse awiri. Ndikufuna kuphunzira."

Yanu inali ya masamba awiri. Munalemba kuti bambo athu anamwalira ndipo inu ndi amene mukusamalira banja. Bambo anali potero, atagwira chowotcherera, akumata wailesi ya munthu. Mutamaliza anapukuta manja, anawerenga makalata onse awiri, anawapinda, n'kunyamuka nanu kukagula masitampa.

Yankho linabwera limodzi.

Sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni, moyo wanga ndaukhala bwino. Ndikufuna mudziwe kuti pamene ndinkabweza makalata a ana sindinkachita mwaumbuli. Ine ndiye kalata youma, achimwene. Ndikudziwa kumene imathera: imathera mu ofesi yodontha, kusunga makiyi a bungwe la mchimwene wake. Ndinkati mwana wina asadzathere kumeneko. Koma Lachiwiri lija, atelala akulowetsa ulusi, ndinaona kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa ana kupha makolo awo kuti alendo anu adye bwino, ndipo ana asanu ndi atatu a pa masitepe anaziona m'milungu isanu ndi umodzi.

Lachisanu mamawa ndikupita kwa ahedi ndi pepala la bungwe ndi chidindo. Ndikalonjeza fizi ya mwana wa atelala kuchokera m'thumba la zadzidzidzi, ndipo ndikasaina dzina langa. Ndikudziwa kuti ndilibe mphamvu imeneyo popanda inu. Mukafuna kundichotsa, makiyi mukawapeza kwa a sitolo yazitsulo. Chidebe muzikhuthula Lolemba ndi Lachinayi.

Mlongo wanu.

27 Febuluwale

Chemwali,

Moni kwa iwe ndi Kalaliki. Muwerenge nonse. Ino ikubwera pa foni, nesi wanga wandionetsa pobaya.

Mamawa uno ndinaimbira ahedi kuti ndilamule kuti mwana wa atelala alembetsedwe. Anandiuza kuti unafika kale geti isanatsegulidwe, wasaina, ndipo dzina lake lalowa. Choncho chilolezo changa chili ngati matisheti aja: chafika, palibe wochivala. Ndachilembabe, chili m'njira, ukachiike mu fayilo kuti a bodi asakuvutitse. Makiyi sunga.

Ndakwiya nanu nonse awiri ndipo sindinamalize. Kalaliki, unandiimitsa pamaso pa anthu zaka zisanu ndi chimodzi ndi mpango m'manja. Zimenezi tidzakambirana maso ndi maso, ndipo mabisiketi sadzakupulumutsa. Koma sabata yonse imene ndinali chete ndinkawerenga lipoti lanu ndi pensulo, kufunafuna polakwika. Ndapeza pamodzi, pa tsamba lachitatu mwaphatikiza molakwa, ndipo polakwikapo pakukomera ine pang'ono chabe.

Gulu lanu liyambirenso kukumana, mu ofesi, osati pa masitepe. Pa chakudya cha chaka chino sipakhala kalata pathebulo. Ena mwa otithandiza achoka, ndikuwadziwa ndi mayina, ndipo mmene tidzatsekere dzenje limenelo mudzandilangize inu omwe, poti mwayamba. Musankhe awiri oti adzalankhule ndi bodi mu Epulo. Wa bambo ofa katatu akhalepo. Kalata ya khungu ija yachotsedwa pa intaneti, ndipo atelala ndiwalembera ndekha. Mayi wamasiye uja ndamutumizira lipoti la kusukulu. Sanayankhe.

Chemwali, sindinaiwale. Pali chimene iwe sudziwa, poti unatsala mu shopu. Tsiku lija ndinapita ndi bambo ndine. Titafika pa positi anamata masitampa onse awiri okha, anaponya yako, kenako anagwira yanga kanthawi pakamwa pa bokosi. Anati, "Wandipha bwino, mwanawe. Ukakhoze, ndisafe chabe." Ndipo anaiponya.

Zaka makumi anayi ndakhala ndikukhoza kuti ndiwayankhe. Sindinaganizepo kuti yako anaiponya poyamba.

Kalata ya nsapato ndaichotsa pakhoma. Ziganizo zinayi zija za kalata yako, kapena ndi zisanu, undilemberenso ndi dzanja lako monga zinalili, ndi pa masamu pomwe. Usawonjezere kanthu. Felemu ili yopanda kanthu ndipo msomali ukadali pomwepo.

Mchimwene wako.